Ophunzira ukonzi m'magazini a matenda a impso, ndi chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza kuno ku Mangochi

Munthu akatupa miyendo ndi nkhope, mkodzo n'kuyamba kuchepa, dokotala amalemba kapepala kopita nako ku labotale kuti akayeze creatinine m'magazi. Creatinine ndi zinyalala zimene minofu imatulutsa tsiku ndi tsiku, ndipo impso zikakhala bwino zimazichotsa kudzera mumkodzo. Zikafooka, creatinine imaunjikana m'magazi. Komatu nambala yochokera ku labotale siinena zonse payokha. Dokotala amaiphatikiza ndi zaka za wodwalayo, ndiponso ngati ndi bambo kapena mayi, n'kuwerengetsera pafoni kuti apeze nambala ina yotchedwa eGFR, imene imasonyeza mphamvu zomwe impso zatsala nazo posefa magazi. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi yoposa itatu, amati munthuyo ali ndi matenda a impso okhalitsa. Pa nambala yomweyi ndi pamene amaonera ngati mlingo wa mankhwala uchepetsedwe, ngati ma ARV okhala ndi tenofovir asinthidwe, kapena ngati wodwala anyamuke ulendo wa ku Gulupu ku Blantyre, kumene kuli makina a dialysis, osefa magazi m'malo mwa impso.

Masamu owerengetsera eGFR sanapangidwe kuno. Odziwika kwambiri, otchedwa CKD-EPI, anatuluka mu 2009 m'magazini ya Annals of Internal Medicine, ndipo anthu amene anayezedwa powapanga anali makamaka a ku America ndi ku Ulaya. M'masamuwo munali gawo lonena kuti wodwala akakhala wakuda, yankho lake likwezedwe ndi pafupifupi 16 peresenti. Gawoli linatsutsidwa kwa nthawi yaitali mpaka linachotsedwa mu 2021. Chaka chotsatira, mu 2022, magazini ya The Lancet Global Health inasindikiza kafukufuku amene anachitika ku Karonga kuno kwathu, ku Uganda ndi ku South Africa. Ofufuzawo sanadalire kuwerengetsera. Anabaya anthu oposa 2,500 mankhwala otchedwa iohexol, n'kumayeza liwiro limene impso zikuwachotsera m'magazi. Anapeza kuti masamu odalira creatinine amakokomeza mphamvu za impso za anthu a kuno, kotero kuti ambiri amene impso zawo zafooka amaoneka ngati ali bwinobwino, ndipo kuti kuyeza chinthu china chotchedwa cystatin C kumayandikira zoona. Izi n'zomveka, pakuti kuchuluka kwa creatinine kumadaliranso kukula kwa minofu ya munthu ndi zimene amadya.

Zinthu zitatu zonsezi, masamu a 2009, kukonzedwa kwake mu 2021, ndi kafukufuku wa 2022, zinafika kwa madokotala zitadutsa m'manja mwa mkonzi wa magazini. Iyeyo ndi amene ananena kuti ili lisindikizidwe, ili libwerere kwa eni ake. Ntchitoyi ambiri sitiiona, koma zimene mayi wa ku Makanjira adzauzidwe zokhudza impso zake zimayambira pamenepo. N'chifukwa chake ndikuona kuti maphunziro a ukonzi amene magazini ena akupereka kwa achinyamata ofufuza za impso si nkhani ya kutali ayi.

Ulendo wa pepala la kafukufuku

Wofufuza akamaliza kulemba, amatumiza pepala lake pa intaneti ku magazini imene wasankha. Mkonzi wamkulu amalipereka kwa mmodzi mwa akonzi omuthandiza amene amadziwa bwino mutuwo. Chigamulo choyamba chimagwa pomwepo, ndipo m'magazini otchuka mapepala ochuluka amabwezedwa pa khomo lomweli, asanaonedwe ndi wina aliyense wakunja. Limene lapulumuka limatumizidwa kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aliunike. Ounikawa kawirikawiri salipidwa, amawerenga usiku atachoka kuntchito, ndipo nthawi zambiri wolemba sauzidwa mayina awo. Ndemanga zawo zikabwera, mkonzi amaziyika pamodzi ndi maganizo ake, nthawi zina n'kufunsanso katswiri wa ziwerengero, kenako amalemba kalata: talandira, kakonzeni, kapena pepani. Ulendowu umatha milungu ingapo, mwinanso miyezi.

Ounika amangolangiza, wogamula ndi mkonzi. Ounika awiri akhoza kusemphana kotheratu, wina n'kunena kuti pepala n'labwino zedi, wina n'kunena kuti n'losathandiza. Wina akhoza kulamula kuti wolemba achite zoyeza zimene zingafune ndalama zomwe alibe. Mkonzi ndiye amasankha ndemanga zoyenera kuumirira ndi zoyenera kuzisiya. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yolemera chonchi siphunzitsidwa kusukulu ya udokotala. Kwa zaka zambiri munthu ankafika pa ukonzi atakula kale, ataitanidwa ndi anzake omudziwa, ndipo ankaphunzirira pantchito pomwepo. Njira imeneyi inkachititsa kuti mipando izingozungulira pakati pa anthu a m'mayunivesite omwewo a m'mayiko olemera.

Magazini angapo a za impso anaona vutoli n'kutsegula mwayi kwa amene angoyamba kumene ntchito yofufuza. American Journal of Kidney Diseases, ya bungwe la National Kidney Foundation ku America, ili ndi ndondomeko yotenga achinyamata kuti aphunzire ukonzi, chimodzimodzinso Journal of the American Society of Nephrology. Kachitidwe kamasiyana magazini ndi magazini, koma mutu wake ndi umodzi. Amasankha anthu ochepa, n'kumupatsa aliyense mkonzi wodziwa ntchito woti aziyenda naye kwa chaka kapena kuposerapo. Wophunzirayo amawerenga mapepala enieni amene angofika, amalemba maganizo ake asanamve a mphunzitsi wake, amathandiza kusankha ounika, amakhala nawo pamisonkhano ya akonzi imene masiku ano imachitika pa intaneti, ndipo amayesa kulemba kalata ya chigamulo imene mphunzitsiyo amaikonza isanatumizidwe. Kunyanja kuno timadziwa kuti usiginala saphunzirira pamtunda. Mnyamata amakwera bwato usiku, n'kumaona mkulu akuwerenga madzi pansi pa nyali, mpaka tsiku lina nayenso adziwe pamene usipa wasonkhana ndi nthawi yoti khoka ligwe. Ukonzinso umalowa m'mutu motero, poona mmene wodziwa akugamulira pepala lovuta, ndi kumva zifukwa zake.

Zimene amaphunzira zikakumana ndi odwala athu

Tiyerekeze kuti dokotala wachitsikana wa m'boma lino walemba pepala lonena za odwala kolera amene impso zawo zinaima mwadzidzidzi pa mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Mutuwu ndi weniweni, chifukwa munthu akataya madzi ambiri m'thupi magazi opita ku impso amachepa, ndipo impso zikhoza kuvulala m'maola ochepa. Malamulo a mu 2012 a KDIGO, bungwe la padziko lonse lolemba malangizo a chisamaliro cha matenda a impso, amati kuvulala kwa impso kwadzidzidzi kumadziwika creatinine ikakwera ndi 0.3 mg/dL m'maola 48, kapena ikafika pa mlingo wakale kuphatikiza theka lake m'masiku asanu ndi awiri, kapenanso mkodzo ukachepa kwambiri kwa maola asanu ndi limodzi. Kuti utsatire malamulowa uyenera kudziwa creatinine ya munthuyo asanadwale, n'kumuyezanso kangapo ali m'chipatala.

Msodzi wobwera pa machila kuchokera ku gombe sanayezetsepo creatinine moyo wake wonse. M'zipatala zambiri za m'maboma mankhwala a mu labotale amatha, makina amaima, ndipo pa nthawi ya mliri namwino mmodzi amayang'anira mahema odzaza anthu, osapeza mpata woyeza mkodzo wa aliyense pa ola. Mkonzi amene sanaonepo zimenezi akhoza kuwerenga tsamba loyamba, n'kuona kuti malamulo a KDIGO sanatsatidwe mokwanira, n'kubweza pepalalo tsiku lomwelo. Palibe amene angamunene kuti walakwa. Koma dziko lataya mwayi wodziwa zimene kolera imachita ku impso kumalo kumene kolera imapezekadi.

Mkonzi wophunzitsidwa bwino, amenenso amadziwa chipatala cha m'boma, salandira pepalalo mwachifundo. Amafunsa mafunso ena, ndipo ndi owawa kuposa oyamba aja. Mwa odwala onse amene anagonekedwa, ndi angati amene anayezedwa magazi? Ngati munkayeza okhawo amene aoneka kuti afooka kwambiri, ndiye kuti chiwerengero chanu chakwera kuposa zoona. Nanga amene anamwalira asanayezedwe, kapena amene abale anawatenga usiku kubwerera nawo kumudzi, mwawayika pati? Ngati mwawasiya, chiwerengero cha imfa chatsika kuposa zoona. Creatinine yoyambira munaiganizira bwanji, ndipo zotsatira zisintha motani mukaiganizira mwanjira ina? Chilolezo cha makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi muno, COMREC kapena National Health Sciences Research Committee, chilipo? Akatero amauza wolemba kuti achepetse zimene akunena kuti zifanane ndi umboni umene ali nawo. Pepala limatuluka lodzichepetsa koma loona, ndipo dokotala wa ku Monkey Bay kapena ku Namwera akhoza kuligwiritsa ntchito.

Likodzo limapereka chitsanzo china chimene ine ndimachiona kuti n'chomveka kuposa zonse. Njira yotsika mtengo yofufuzira matenda a impso pakati pa anthu ambiri ndiyo kuviika kapepala mumkodzo kuti aone ngati muli magazi kapena mapuloteni. Ku Ulaya kapepalako kakasintha mtundu, maganizo amathamangira ku impso. M'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, mwana wosambira tsiku lililonse kapena mayi wochapa pagombe akhoza kukhala ndi magazi ndi mapuloteni mumkodzo chifukwa mazira a tizilombo ta likodzo avulaza chikhodzodzo, impso zili bwino. Kafukufuku amene angawerenge anthu onsewa ngati odwala impso, osayang'ana mazira mumkodzo, osapereka mankhwala a likodzo a praziquantel n'kudzayezanso patapita miyezi itatu, adzatulutsa chiwerengero chochititsa mantha koma cholakwika. Mbali inayo iliponso: likodzo lokhalitsa limatha kutseka njira za mkodzo, mkodzo n'kubwerera m'mbuyo mpaka impso kufufuma ndi kuwonongeka, ndipo izi zimaoneka pa sikani, osati pa kapepala. Wounika amene anagwirapo ntchito ku Lungwena kapena ku Koche angafunse zimenezi asanamalize ndime yoyamba. Amene sanaonepo likodzo sangaliganizire n'komwe, ngakhale atakhala pulofesa wamkulu.

Palinso mafunso amene amangobadwira kumalo ngati kwathu kuno. Ku chipatala cha Gulupu kunachitika kafukufuku woona ngati kapepala koviika m'malovu kangathandize kuzindikira impso zofooka kumene kulibe labotale, ndipo anasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya Kidney International Reports. Blantyre inalinso amodzi mwa malo atatu, pamodzi ndi Cochabamba ku Bolivia ndi Dharan ku Nepal, kumene bungwe la International Society of Nephrology linayesera njira zopezera msanga odwala impso mwadzidzidzi pa ntchito yake ya 0by25, imene cholinga chake chinali choti pofika 2025 pasakhale womwalira ndi vuto lopeweka limeneli. Kwa dokotala wa ku Boston, amene amalandira zotsatira za magazi mu ola limodzi, kapepala ka m'malovu n'kopanda ntchito. Pamafunika wina pamsonkhano wa akonzi woti afotokoze kuti pachipatala chaching'ono chakumudzi kapepalako ndi kamene kangauze namwino kuti uyu ayitanire ambulansi lero.

Kugwira bodza

Gawo lina la maphunzirowa ndi lokhudza chinyengo ndi makhalidwe. Ophunzira amadziwitsidwa malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, onena za amene ayenera kulembedwa dzina pa pepala, ndi malangizo a bungwe la COPE, limene linayamba mu 1997, onena zochita ukakayikira kuti wina wakopera ntchito ya mnzake kapena wapeka ziwerengero. Amaphunzira kugwiritsa ntchito mindandanda yoonera ngati kafukufuku wafotokozedwa mokwanira, monga CONSORT pa zoyesa mankhwala ndi STROBE pa kafukufuku wongotsatira odwala. Amaphunziranso kuti pepala limene lili m'manja mwawo ndi chinsinsi: sulionetsa mnzako, sutengamo nzeru n'kuthamangira kukalemba lako, ndipo suliika m'mapulogalamu a pa intaneti olemba okha kuti akuwerengere.

Zimene zinachitika mu 2020 zimasonyeza kulemera kwa gawoli. Pa 22 May chaka chimenecho The Lancet inasindikiza pepala lonena kuti hydroxychloroquine ndi chloroquine, mankhwala amene akuluakulu kuno amawakumbukira pa malungo, amawonjezera imfa mwa odwala Covid-19. Pepalalo linati ziwerengero zake zachokera kwa odwala pafupifupi 96,000 m'zipatala 671 padziko lonse, zosonkhanitsidwa ndi kampani yotchedwa Surgisphere. Bungwe la WHO linaimitsa kaye mbali ina ya kafukufuku wake chifukwa cha pepalali. Asayansi ambiri analemba kalata yokayikira, ndipo chimodzi mwa zimene anatchula chinali cha ku Africa: kuchuluka kwa odwala amene ankanenedwa, ndiponso kunena kuti zipatala za kuno zinali ndi zolemba za pakompyuta zatsatanetsatane chotero, sizinkamveka. Pa 4 June pepalalo linachotsedwa. Aliyense amene anagwirapo kabuku ka kuchipatala kong'ambika, kolembedwa ndi manja a anthu khumi osiyana, akanaima pa ndime ya Africa ija n'kufunsa kuti zipatala zake ndi ziti. Funso lotere liyenera kufunsidwa pepala lisanatuluke, ndipo amene angalifunse ayenera kukhala ali m'chipinda cha akonzi.

Zovuta zake, ndi poyambira

Sindikufuna kuti wina aganize kuti mwayiwu ndi wophweka kwa Mmalawi. Malo ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ochokera padziko lonse. Kawirikawiri amafuna munthu amene wasindikizapo kale mapepala, nthawi zina amene ndi membala wa bungwe la eni magazini. Misonkhano imayikidwa pa nthawi ya ku America, imene kuno imakhala madzulo kapena usiku, ndipo imafuna magetsi ndi intaneti yosaduka. Ndalama zimene amapereka, ngati zilipo, ndi zochepa. Koposa zonse pali nthawi. Madokotala odziwa za impso m'Malawi muno ndi owerengeka, ndipo ola lililonse limene mmodzi wa iwo akuwerenga pepala la munthu wa ku Japan ndi ola limene sali pa wodi. Amene amadandaula za ichi ali ndi mfundo. Komabe ndikuona kuti masana amodzi pa mlungu, ngati akulu a chipatala atawateteza kuti asadyedwe ndi ntchito zina, amabweza phindu lalikulu, chifukwa dokotala amene waphunzira kuona pofooka pa pepala la wina amasiya kukhulupirira chilichonse chimene wogulitsa mankhwala wamubweretsera, ndipo kafukufuku wake yemwe amamukonza bwino asanayambe.

Vuto lina ndi la kuchepa kwathu. Ofufuza za impso m'dziko muno amadziwana onse: uyu anakuphunzitsa, uyo munali naye kalasi imodzi, winayo ndi amene adzasaine kalata yako ya ntchito. Mwambo wathu wolemekeza akulu ndi wabwino, koma umalemetsa dzanja la wachinyamata amene akufunika kulemba kuti ziwerengero za aphunzitsi ake sizikugwirizana. Maphunziro a ukonzi amathandiza apa m'njira ziwiri. Amaphunzitsa nthawi yoyenera kunena kuti pepala ili ndisaligwire chifukwa wolemba ndi mnzanga, ndipo amaphunzitsa kalembedwe kotsutsa mfundo popanda kunyoza munthu. Kalata yabwino yokana pepala imamusiya wolemba akudziwa chochita mawa.

Achenjerenso ndi makalata a pa imelo oitana munthu kuti akhale mkonzi wa magazini imene sanaimvepo, yolonjeza kusindikiza chilichonse m'masiku atatu bola ndalama zilipidwe. Magazini otere alipo ambiri ndipo amasaka achinyamata a ku Africa amene akufuna kukwezedwa pantchito. Dzina likalowa mmenemo limadetsedwa, ndipo palibe chimene munthu amaphunzirako.

Poyambira penipeni pali pafupi. Tili ndi Malawi Medical Journal, imene imawerengedwa kwaulere pa intaneti, ndipo mu 2004 inali imodzi mwa magazini anayi a mu Africa amene analumikizidwa ndi magazini akuluakulu akunja kuti akonzi aziphunzitsana, iyo inalumikizidwa ndi JAMA. Palinso African Journal of Nephrology ya bungwe la madokotala a impso mu Africa. Magazini ngati amenewa amasowa ounika nthawi zonse, ndipo wachinyamata akhoza kupempha mkulu amene walandira pepala loti aunike kuti achitire limodzi, mkonzi atadziwitsidwa ndipo dzina la wachinyamatayo litalembedwa. Kuno ku Mangochi tilinso ndi mwayi woti Kamuzu University of Health Sciences ili ndi nthambi yake, ndipo ophunzira udokotala amabwera kudzaphunzira za umoyo wa m'midzi ndi za chisamaliro cha mabanja. Gulu la anthu asanu, dokotala, kilinikala ofesa, namwino, wa mu labotale ndi wophunzira, likhoza kumakumana kamodzi pa mwezi, kutenga pepala limodzi losindikizidwa kale la za impso, aliyense n'kulemba chigamulo chake ngati kuti ndiye mkonzi, kenako n'kuyerekeza. Wa mu labotale asasiyidwe, chifukwa ndi amene amadziwa ngati makina a creatinine anayesedwa kuti akupereka nambala zolondola, ndipo funso limeneli madokotala amaliiwala.

Mu May 2025 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza koyamba chigamulo choika umoyo wa impso pakati pa nkhani zofunika kuziyang'anira padziko lonse, ndipo zimenezi zikhoza kubweretsa kafukufuku wambiri m'mayiko ngati lathu. Mafunso amene akudikira ndi ooneka kale. Kuyeza cystatin C n'kokwera mtengo kuposa creatinine, ndiye payenera kupezeka umboni wosonyeza odwala amene akufunikadi kuyezedwa motero. Payenera kudziwika kuti mwa ana ogonekedwa ndi malungo aakulu, amene impso zawo zinavulala, ndi angati amachira kotheratu pakapita chaka. Pakufunikanso kuwerenga bwino mbali imene mankhwala opha ululu ogula pagolosale monga bulufeni ndi diclofenac, mankhwala azitsamba, BP ndi shuga zikutenga pa odwala amene amafika mochedwa. Mapepala oyankha mafunsowa adzalembedwa ndi achinyamata amene panopa ali pa wodi ku Mangochi, ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo ena mwa iwo ayenera kuyamba chaka chino kupempha malo ophunzirira ukonzi.